Brighton, Mudzi wa Maina Ambiri

Munthu alandira dzina lace loyamba kwa akwao, koma maina ena amamucha ndi anthu a kunja monga umo amuonera: lina cifukwa ca nchito yace, lina cifukwa ca mayendedwe ace, lina cifukwa ca tsoka limene linamgwera. Midzi nayonso iri comweco. Ku England, m'mbali mwa nyanja ya mcere, kuli mzinda wochedwa Brighton, umene walandira maina ambiri m'zaka zace, ena aulemu, ena onyoza. Wofuna kudziwa mbiri ya mzindawo afunse za dzina liri lonse mafunso awiri: analicha ndani, ndipo anafunanji pamalopo? Akatero adzapeza kuti maina oyamba anali a eni mudzi, ndiwo alimi ndi asodzi, koma otsatira anacha ndi alendo. Ndipo pamene maina a alendo anali kucuruka, malo a eni mudzi anali kucepa.

MALO ACE

Brighton ali kumwera kwa London, pa mtunda wa mailosi ngati 50, ndiwo ulendo wonga wocokera ku Chipata kunka ku Katete. Dera lace lichedwa Sussex. Kumbuyo kwa mzinda kuli zitunda za dothi loyera la coko, zochedwa South Downs, zimene kuyambira kale zinali busa la nkhosa. Kumaso kwace kuli nyanja yochedwa English Channel, ndipo tsidya lija, kosafika maso, ndiko ku France.

Nyanja imeneyo isiyana ndi nyanja za kumtunda. Madzi ace ngamcere, osayenera kumwa, kuphikira kapena kuthirira dimba. Kawiri pa tsiku madziwo amakwera kudza kumtunda, kawirinso amaphwa kubwerera m'mbuyo, pokokedwa ndi mphamvu ya mwezi. Gombe la Brighton siliri la mcenga ai, koma la nsangalabwi zosawerengeka zimene mafunde amazikunkhuniza usana ndi usiku. Kale panalibenso doko lobisalamo ngalawa pa nthawi ya namondwe, kotero kuti asodzi pobwera kunyanja anali kukokera ngalawa zao pamtunda ndi zingwe. Palibe akadaganiza kuti pamalo otere mafumu adzamangapo nyumba.

DZINA LA MLIMI NDI DZINA LA ASODZI

Dzina lakale koposa onse licokera kwa munthu wa mtundu wa Asaxon wochedwa Beorhthelm, ndipo tanthauzo lace ndilo mudzi kapena munda wa Beorhthelm, monga midzi yambiri ichedwa ndi dzina la mwini wace woyamba. M'caka ca 1086 Mfumu William inalembetsa midzi ndi cuma ca England m'buku lalikuru lochedwa Domesday Book. M'menemo mudziwu unalembedwa Bristelmestune, ndipo mbali ina ya msonkho wace inali nsomba 4,000 za mtundu wochedwa herring. Popita zaka anthu anali kunena Brighthelmstone. Dzina lalifupi lakuti Brighton linayamba kuoneka m'makalata m'caka ca 1660, koma boma linalilandira m'caka ca 1810.

Zaka mazana onsewo mudzi unali wa asodzi. Ambiri a iwo anamanga nyumba zao pagombe penipeni, patsinde pa phompho, ndipo alimi ndi amalonda anakhala pamwamba. M'mwezi wa Juni 1514 ankhondo a ku France anafika ndi zombo, natentha pafupifupi mudzi wonse. Cinapulumuka ndi chalichi ca St Nicholas cimene ciri pa citunda. Anthu anamanganso pa mabwinja omwewo, natsata tinjira takale topapatiza ndi tokhotakhota, timene lero tichedwa The Lanes.

M'caka ca 1580 panali mlandu pakati pa asodzi ndi anthu a kumtunda, wonena za ndalama zosungira chalichi ndi zochinjiriza mudzi kwa adani. Pouthetsa, akuru analemba miyambo ya mudziwo m'buku. Bukulo lionetsa kuti munali ngalawa 80, amuna a panyanja 400, ndi maukonde 10,000. Lionetsanso kuti mwa akuru 12 osunga mudzi, 8 anali asodzi, ndi 4 okha a kumtunda. Anthu a midzi yoyandikana anacha asodziwo dzina loseka lakuti Juggs. Ndipo njira ya m'zitunda imene akazi ao anali kuyendamo ndi nsomba kunka ku msika wa ku Lewes, mailosi ngati 8, ichedwa Juggs Road kufikira lero.

Mmodzi wa eni zombo a m'mudzimo, Nicholas Tettersell, ndiye anapulumutsa Mfumu Charles II m'caka ca 1651, pamene inali kuthawa itagonja pa nkhondo ya ku Worcester. Anaiolotsa ndi combo cace conyamula malasha, nakaisiya ku France. Manda ace ali pa St Nicholas.

NYANJA ILANDA MUDZI

Cakuma 1640 Brighthelmstone unali mudzi waukuru koposa yonse ya m'Sussex, wa anthu ngati 4,000. Pambuyo pace zinthu zinasanduka. Nkhondo za panyanja zinaletsa asodzi kupita kutali, malonda a nsomba anatsika, ndipo nyanja inali kudya gombe pang'onopang'ono. M'mwezi wa Novembala 1703 kunaomba mkuntho woopsa umene unasasula madenga ndi kugwetsa nyumba. Wina unadza m'caka ca 1705, nukwirira ndi miyala nyumba zotsala za patsinde pa phompho. Mudzi wakunsi unatheratu. Anthu anacepa kufikira ngati 2,000, ambiri a iwo amphawi. M'machalichi a England munasonkhedwa ndalama zomangira mipanda ya mitengo yolowa m'nyanja, yogwira miyala kuti mafunde asaikokolole. Ndipo mipanda yotere iripo pagombepo ndi lero lomwe. Woona mudziwo masiku amenewo akadati watha.

DOCTOR BRIGHTON

Akuru amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amene anautsa mudziwu anali sing'anga wa ku Lewes, dzina lace Richard Russell. Iye anakhulupira kuti madzi a m'nyanja aciza mwanabere ndi zotupa zina za m'thupi. M'caka ca 1750 analemba buku la zimenezi m'Cilatini, ndipo posacedwa linamasuliridwa m'Cingelezi, nilifala pakati pa anthu olemera. M'caka ca 1753 anamanga nyumba pafupi ndi gombe la Brighthelmstone, nayamba kulandira odwala. Mankhwala ace akuru anali awiri: kubviikidwa m'madzi ozizira a m'nyanja, ndi kumwa madzi omwewo. Madotolo a makono adziwa kuti kumwa madzi amcere sikuciza nthenda, koma kuonjeza ludzu ndi kulemetsa impso. Cimene cikadathandiza odwala aja ndico kucoka mu utsi wa London, kupuma mpweya wabwino, kuyenda ndi kupumula. Koma mbiri inamveka ponseponse kuti kumeneko anthu acira.

Tsono asodzi ndi akazi ao anapeza nchito yatsopano. Pagombe panaikidwa tinyumba ta matabwa ta pa magudumu. Wodwala anali kulowamo ndi kubvula zobvala zace, kavalo nakokera kanyumbako m'madzi. Pamenepo munthu wamphamvu wodziwa nyanja anali kumgwira ndi kummiza kangapo. Akazi anali kubviika akazi ndi ana, amuna kubviika amuna. Wochuka koposa mwa iwo anali Martha Gunn, amene anagwira nchitoyo kufikira ukalamba, nachedwa mfumukazi ya obviika. Anamwalira m'caka ca 1815 ali ndi zaka 88, ndipo manda ace alinso pa St Nicholas.

Panafikanso mlendo wa ku India, Sake Dean Mahomed, wobadwira ku Patna, amene anatsegula nyumba yosambiramo ndi nthunzi yotentha ndi yosisita thupi ndi mafuta. Mbiri yace inakula kotero kuti anatumikira mafumu awiri, George IV ndi William IV. Mau akuti shampoo, amene lero anena sopo wa tsitsi, anacokera ku India, ndipo poyamba anali kunena kusisita kumeneko.

Cifukwa ca zonsezi mudziwo unachedwa Doctor Brighton, ngati kuti mudzi womwewo ndiwo sing'anga. Mlembi wochuka William Thackeray anafalitsa dzinalo m'buku lace lochedwa The Newcomes. Linali dzina laulemu, koma ocha ace anali odwala ocokera kutali, osati obviika aja.

NYUMBA YA MFUMU

M'caka ca 1783 kunafika George, mwana wamkuru wa Mfumu George III, ali ndi zaka 21. Anakonda malowo cifukwa anali kutali ndi maso a atate wace, ndipo kumeneko anatha kucita maphwando, kuchova njuga ndi kuthamangitsa akavalo monga anafuna. M'caka ca 1786 anabwereka nyumba ya mlimi, ndipo caka cotsatira anaikuza. Kuyambira 1815 kufikira cakuma 1823 mmisiri wochedwa John Nash anaimanganso yonse, nikhala nyumba yodabwitsa yochedwa Royal Pavilion. Kunja kwace ifanana ndi nyumba za mafumu a ku India, ya madenga obulungira ndi tinsanja tosongoka. M'kati mwace anakometsa monga acitira ku China, ndi zithunzi za zinjoka ndi nyali zazikuru zolendewera. Ngakhale khola la akavalo ace linali lalikuru kotero kuti lero ndilo nyumba ya nyimbo ndi misonkhano, yochedwa The Dome. George analowa ufumu m'caka ca 1820, namwalira m'caka ca 1830, atamwaza cuma cambiri ndi kukhala m'ngongole zaka zambiri za moyo wace.

Kumene apita mwana wa mfumu, nduna ndi olemera atsata. Misewu ya nyumba zazitali zoyera inamangidwa moyang'ana kunyanja. Mlembi wa ndakatulo Horace Smith anacha mudziwo Queen of Watering Places, ndiko kunena mfumukazi ya midzi yonse yosambako anthu. Ena anaucha School Town, pakuti munacuruka sukulu zogonera komweko za ana a olemera.

Pafupi ndi nyumba ya mfumu panali bwalo lochedwa Steine, pamene asodzi kuyambira makolo ao anali kuyanika maukonde ndi kusunga ngalawa pa nthawi ya namondwe. Olemera anafuna bwalolo likhale loyendapo iwo madzulo atabvala zokongola, ndipo maukonde ndi pfungo la nsomba zinawanyansa. Potsiriza bwalolo linazingidwa ndi mpanda wacitsulo, ndipo asodzi, angakhale anakana ndi kucita phokoso, anacotsedwapo.

LONDON-BY-THE-SEA

Pa 21 Sepitembala 1841 inatsegulidwa njanje yocokera ku London. Ulendo umene pa gareta wa akavalo unali kutha maola asanu kapena kuposa, unasanduka wa maola awiri, ndipo lero uli wa ola limodzi. Mtengo unatsikanso, kotero kuti kalaliki, mmisiri ndi wanchito wa m'nyumba anatha kucoka m'mawa, kuona nyanja, ndi kubwerera madzulo. Lamulo la 1871 lopatsa anchito masiku a chuthi linaonjeza unyinjiwo. M'caka ca 1801 mudziwo unali ndi anthu ngati 7,000. M'caka ca 1851 anaposa 65,000. M'caka ca 1901 anaposa 120,000. Pamenepo linakhazikika dzina lakuti London-by-the-Sea, ndiko kunena London wa m'mbali mwa nyanja. Dzina limeneli linena zoona zowawa: mudzi unali kuchedwa tsopano ndi dzina la kwao kwa alendo.

Mfumukazi Victoria sanakondwere ndi khamulo, pakuti sanathe kuyenda osazingidwa ndi anthu omuyang'anitsitsa. Anafikako kotsiriza m'caka ca 1845, ndipo m'caka ca 1850 nyumba ya mfumu inagulitsidwa kwa akuru a mudzi ndi £53,000. Motero alendo acifumu, amene anapitikitsa asodzi pa bwalo lao, anapitikitsidwa iwonso ndi alendo anzao.

Unyinji unadza ndi nthenda zace. Kumbuyo kwa nyumba zoyera za kugombe kunali tinyumba topanikizana ta amphawi, topanda madzi abwino. Zonyansa za m'zimbudzi zinali kulowa m'zitsime ndi kutsikira m'nyanja momwe anthu anadzera kudzasamba kuti acire. Kunayenera kuti kuyambira 1871 kufikira 1874 akumbe ngalande yaikuru ya pansi pa nthaka, ya mailosi 7, yocotsa zonyansazo kunka nazo kum'mawa, kutali ndi mzinda. Sing'anga anayamba wadziciza yekha.

Si onse anadzera masewera. M'caka ca 1865 mmishonale Hudson Taylor anafika kudzapumula, atalema ndi kubvutika mumtima cifukwa ca anthu a m'kati mwa China. Pa Sabata, 25 Juni, poyenda yekha pagombe la Brighton, anatsimikiza mtima kuyamba nchito yatsopano, napempha Mulungu anchito 24. Ndico ciyambi ca China Inland Mission.

ZOKOPA ALENDO

Mudzi wodya za alendo uyenera kuwapatsa zatsopano nthawi zonse, kuti angapite kwina. Cinthu coyamba cinali ulalo wolowa m'nyanja wosafika tsidya, umene Angelezi aucha pier. Pa ulalo wotere munthu ayenda pamwamba pa mafunde osanyowa. Woyamba, Chain Pier, unamangidwa m'caka ca 1823, wolendewera pa maunyolo, ndipo unali kukocezapo zombo za ku France. Mkuntho unauononga m'mwezi wa Disembala 1896. Waciwiri, West Pier, unatsegulidwa m'caka ca 1866, nutsekedwa m'caka ca 1975 posowa ndalama zoukonzera. Unapsa kawiri m'caka ca 2003, ndipo zitsulo zace zakuda ziimabe m'madzi ngati mafupa a nyama yaikuru. Wacitatu, Palace Pier, wa m'caka ca 1899, wa mapazi 1,722 m'litali, ulipobe, wodzala ndi masewera ndi ogulitsa nsomba zokazinga ndi mbatata.

M'caka ca 1872 inatsegulidwa nyumba yoonetsa nsomba zamoyo m'matanki a galasi, imene iri yakale koposa zonse zotere zogwirabe nchito pa dziko lapansi. M'caka ca 1883 Magnus Volk, mwana wa m'mudzimo, anayala kanjanje ka sitima yoyenda ndi magetsi m'mbali mwa gombe. Nakonso ndiko kakale koposa mwa njanje za magetsi zoyendabe. Caka ndi caka, pa Sabata loyamba la Novembala, magalimoto akalekale opangidwa cisanafike caka ca 1905 amayenda ulendo wocokera ku London kufika ku Brighton, pokumbukira ulendo wa 1896, pamene lamulo linalola magalimoto kuthamangako pang'ono. M'tinjira ta The Lanes, momwe munali nyumba za asodzi, muli masitolo a mphete, mikanda ndi zinthu zakale.

Nyumba ya mfumu ija ndiyo ikopa koposa, ndipo iri ndi mbiri ina yoposa maphwando a George. Pa nkhondo yaikuru yoyamba, kuyambira Disembala 1914 kufikira kuciyambi kwa 1916, inasanduka cipatala ca asilikali a ku India obvulala ku France, ndipo oposa 2,000 anacizidwa m'menemo. Anawakonzera nyumba zophikira zosiyana ndi malo opembedzera osiyana, monga mwa miyambo ya Ahindu, Asikh ndi Asilamu. Pa zitunda za kumpoto kwa mzinda, pamene anatentha mitembo 53 ya Ahindu ndi Asikh monga mwa mwambo wao, pali cikumbutso ca miyala yoyera cochedwa Chattri, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1921.

MAINA ONYOZA

Walira mvula walira matope. Kumene kusonkhana anthu ambiri osadziwana, okhala ndi ndalama m'thumba, kusonkhananso mbala ndi acifwamba. M'zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zazikuru magulu a zigawenga zonyamula malezala anali kubvutitsa anthu pa bwalo la mjaha wa akavalo. M'caka ca 1934 mitembo ya akazi awiri inapezeka m'mabokosi, wina pa siteshoni ya sitima, wina m'nyumba. Pamenepo anthu anapotoza dzina laulemu lija, nati Queen of Slaughtering Places, ndiko kunena mfumukazi ya malo ophera. Graham Greene analemba za zigawengazo m'buku lace la 1938 lochedwa Brighton Rock. M'mwezi wa Meyi 1964 magulu awiri a anyamata odza pa njinga zamoto, ochedwa Mods ndi Rockers, anamenyana pagombe pamaso pa mabanja odzapumula. Ndipo pa 12 Okutobala 1984 bomba la gulu la IRA linaphulika m'hotela yochedwa Grand, mmene munagona nduna yaikuru Margaret Thatcher ndi anzace pa nthawi ya msonkhano. Iye anapulumuka, koma anthu asanu anafa. Zambiri mwa zoipazi anadza nazo ndi a kunja, koma dzina loipa linatsalira mudzi.

ASODZI ANANKA KUTI?

Atacotsedwa pa Steine, asodzi anatsala ndi cigawo ca gombe ndi zipinda za pansi pa msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ambiri anasandutsa ngalawa zao zoyendetsa alendo pa nthawi ya dzuwa. M'zaka za m'ma 1930 akuru a mzinda anagumula tinyumba takale ta amphawi, makamaka ca ku Carlton Hill, nasamutsira mabanja ku nyumba zatsopano za ku Whitehawk ndi Moulsecoomb. Nyumbazo zinali zabwino koposa zakale, koma zinali kutali ndi gombe, ndipo msodzi sakhala bwino kutali ndi ngalawa yace. Msika wa nsomba wa pagombe unacotsedwa m'caka ca 1960. M'caka ca 1994 inatsegulidwa nyumba yaing'ono yosungiramo zakale za usodzi, m'zipinda zomwe zija za pansi pa msewu. M'menemo mlendo aona ngalawa, maukonde ndi zithunzi za anthu amene kale anali ndi mipando 8 mwa mipando 12 ya mudzi.

BRIGHTON WA MAKONO

M'caka ca 1961 inayamba University of Sussex, ndipo ophunzira zikwi zambiri akhala mumzindamo. M'caka ca 1997 Brighton anaphatikizidwa ndi mudzi woyandikana wa Hove, ndipo m'caka ca 2000 ziwirizo zinalandira ulemu wa kukhala mzinda umodzi, Brighton and Hove. Pa kalembera wa 2021 munali anthu ngati 277,000. Popeza mwacuruka makampani a makompyuta, ena aucha Silicon Beach. Anthu ambiri ogwira nchito ku London agula nyumba kumeneko, mitengo ya nyumba nikwera kotero kuti ana obadwira mumzindamo abvutika kupeza pokhala, ndipo ogona m'makonde a masitolo sasowa.

Dzina limodzi la makono anacha ndi eni mzinda okha. Timu yao ya mpira, Brighton and Hove Albion, ichedwa Seagulls, ndilo dzina la mbalame zoyera zaphokoso za kugombe, zimene zimakwatula cakudya m'manja mwa alendo. Anthu a m'Zambia aidziwa timuyo cifukwa ca Enock Mwepu, wochedwa Computer, amene analowamo m'caka ca 2021. M'mwezi wa Okutobala 2022, ali ndi zaka 24, analeka kusewera madotolo atampeza ndi nthenda ya mtima ya cibadwa.

Kufuna zokopa zatsopano sikunathe, ndipo sikuli kopanda ngozi. M'caka ca 2016 pamtunda pa West Pier inatsegulidwa nsanja ya mapazi 531 yochedwa i360, yokweza anthu m'cipinda ca galasi kuti aone kutali. Ndalama zambiri zomangira anakongoza ndi khonsolo ya mzinda, poyembekeza kuti okwera adzacuruka. Sanacuruke monga anawerengera. M'mwezi wa Disembala 2024 kampani yace inagwa ndi ngongole yoposa £50 miliyoni. Nsanjayo inatsegulidwanso m'caka ca 2025 m'manja mwa eni ena, koma katundu wa ngongole anatsalira khonsolo, ndiye kuti okhala mumzindamo.

PHUNZIRO LACE

Sikuyenera kunena kuti alendo anaononga Brighton. Popanda Russell, George ndi njanje, mudzi umene nyanja inaugumula m'caka ca 1705 ukadatsala bwinja. Alendo anadza ndi nchito, sukulu, zipatala ndi misewu, ndipo ana a asodzi ambiri anadya bwino koposa makolo ao. Koma mlendo ndi mame. Odwala analeka kumwa madzi amcere, mafumu anacoka, ndipo pamene ndege zinayamba kunyamula anthu motsika mtengo kunka ku magombe ofunda a ku Spain, ambiri a chuthi anankanso kumeneko. Wotsala ndi zonyansa, ngongole ndi dzina loipa ndiye mwini mudzi.

Colakwa sicinali kulandira alendo, koma kuwapatsa bwalo loyanikapo maukonde, osasiyira eni ace malo ena olingana nalo. Mudzi wolandira alendo ucita bwino ukayamba wapangana za zinthu zimene sizidzagulitsidwa, ndi za anthu amene mau ao adzamveka pa upo, ndalama zisanayambe kulankhula.

Ku Brighton amagulitsa switi yaitali ngati kamtengo, yochedwa rock, imene dzina la mzinda lalembedwa m'kati mwace kucokera kunsonga kufikira kunsonga inzace, kotero kuti pali ponse munthu aithyola awerenga dzina lomwelo. Dzina lolembedwamo si Doctor kapena Queen kapena London. Ndi Brighton, ndilo dzina la mlimi uja Beorhthelm, lofupikitsidwa ndi malilime a anthu m'zaka ngati 1,000.

MAFUNSO

1. Kodi buku la miyambo la 1580 lionetsa bwanji kuti mudzi unali wa asodzi?
2. Chulani zinthu zitatu zimene zinasaukitsa Brighthelmstone cisanafike caka ca 1750.
3. Mwa mankhwala a Richard Russell, ndi ati amene madotolo a makono awakana, ndipo cifukwa ninji?
4. Mwa maina a mzindawu, ndi ati anacha eni mudzi, ndipo ndi ati anacha alendo?
5. Kodi akuru a mudzi akadacita ciani kuti olemera ayende pa Steine, asodzi osataya poyanika maukonde?
6. Kodi dzina la mudzi wanu linacokera kuti, ndipo alipo akuru amene akumbukira wolicha?